Mafunso ndi mayankho pa lamulo la mdani mu mpikisano wa mafilimu oopsa a ophunzira ku Kasungu

Chitulutsireni malamulo a mpikisano wa mafilimu aafupi oopsa a ophunzira a sukulu za sekondale m'boma lino la Kasungu, ku ofesi ya komiti sikukutha anthu, ndipo ambiri akubwera ndi nkhani imodzi, ya lamulo lokhudza mdani, yemwe ndi munthu kapena chinthu chodzetsa mantha m'filimu. Lamuloli likuti mdani akhale wopekedwa ndi gulu lenilenilo, akhale ndi chimene akufuna komanso chifukwa chochifunira, ndipo asatengedwe kwa munthu weniweni kapena kwa anthu amene amazunzidwa kale m'midzi mwathu chifukwa cha mphekesera. Aphunzitsi ena awononga ndalama zoyendera kuchokera ku Santhe, Chamama ndi Chisemphere kudzafunsa zomwezi, choncho komiti yaona kuti ndi bwino kuyankha pano.

Ndani angalowe nawo mu mpikisanowu?

Gulu lililonse la ophunzira a Fomu 1 mpaka Fomu 4 lomwe lili ndi mphunzitsi woliyang'anira komanso chilolezo cha mphunzitsi wamkulu likhoza kulowa.

Kodi kujambula ndi foni n'kololedwa?

N'kololedwa, ndipo oweruza sapereka malikisi potengera mtengo wa kamera.

N'chifukwa chiyani mwakaniza kuti mdani akhale gogo wamfiti, chonsecho ufiti ndi umene anthu amauopa kwambiri?

Limeneli ndilo dandaulo lalikulu, ndipo tikupempha kuti yankho lake muliwerenge lonse. Komiti sinaletse nkhani za zinthu zosadziwika, ndiponso si ntchito yathu kuweruza zimene anthu amakhulupirira. Chimene takaniza ndi mdani amene wajambulidwa ngati mayi kapena bambo wokalamba wa m'mudzi, wosauka, wokhala yekha m'kanyumba ka kumapeto, amene filimu ikumusonyeza kuti ndiye akupha ana kapena kumanga mvula. Nkhani zolembedwa zambiri zimene talandira zinali ndi gogo wotereyu, wamaso ofiira ndi lichero m'manja, ndipo zina zinkatha ndi anthu a m'mudzi akumuotchera nyumba ngati kuti ndiwo mathero abwino.

Mafilimu awa sadzathera mu holo ya sukulu. Adzayenda pa WhatsApp, adzaonetsedwa m'nyumba za vidiyo pa misika, ndipo adzaoneredwa ndi ana amene ali ndi agogo awo kunyumba. M'dziko muno okalamba aphedwapo chifukwa choganiziridwa ufiti. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa pambuyo poti mphenzi yapha mtsikana wina, achibale n'kunena kuti okalambawo ndiwo anaitumiza. Lamulo la za ufiti la 1911, lomwe anthu akhala akukambirana zoti liunikidwenso, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Sitikunena kuti filimu yopeka ndi mlandu pa lamulo limeneli, pakuti kumasulira malamulo ndi ntchito ya makhoti, koma komiti singaike dzanja lake pa filimu imene ikuphunzitsa mwana kuti nkhope ya mfiti ndi nkhope ya agogo ake. Ngati m'nkhani yanu anthu akuloza chala gogo, koma kumapeto n'kupezeka kuti woipa anali wina, bweretsani tiione, chifukwa nkhani yotere ikhoza kuloledwa malinga ndi momwe yalembedwera.

Nanga chilombo cha Gule Wamkulu? Ena akuti mwachita kuopa mafumu.

Sitinachite mwamantha koma mwaulemu, ndipo ulemuwo sitichita nawo manyazi. Gule Wamkulu ndi mwambo wamoyo wa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, umene bungwe la UNESCO linaulemekeza mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo uli ndi eni ake, kuyambira kwa mafumu a m'midzi mpaka kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Zilombo monga Kasiyamaliro, Chadzunda kapena Maliya zili ndi tanthauzo lake pa maliro, pa chinamwali ndi polonga ufumu, ndipo sizinapangidwe kuti zizithamangitsa atsikana ndi chikwanje m'filimu ya ana asukulu. Palinso nkhani ya chitetezo cha ophunzira eni ake, chifukwa aliyense wokulira kuno akudziwa kuti mwana wosalowa gule akavala zofanana ndi za kudambwe n'kumayenda nazo m'mudzi, mlandu wake umafika kwa makolo ndi kwa mphunzitsi wamkulu. Chophimba kumaso chopanga nokha n'chololedwa, koma chisakhale ndi nthenga, nsanza kapena maonekedwe oti munthu wa kuno angati ndi gule. Pamene tikukayika tidzafunsa akuluakulu odziwa mwambo, ndipo mawu awo adzalemera kuposa athu.

Kodi munthu wachialubino, wolumala kapena wodwala matenda a muubongo angakhale mdani?

Wophunzira aliyense akhoza kusewera mbali iliyonse, kuphatikizapo ya mdani, koma khungu, chilema kapena matenda zisakhale gwero la mantha m'filimu. Kuyambira cha m'ma 2014 anthu achialubino akhala akubedwa ndi kuphedwa m'dziko muno chifukwa cha zikhulupiriro zabodza zokhudza ziwalo zawo, mpaka Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango mu 2016. Filimu iliyonse yosonyeza kuti ziwalo za munthu zimabweretsadi chuma idzakanidwa popanda kukambirana. Chimodzimodzi anamapopa: mu 2017 mphekesera imeneyi inaphetsa anthu osalakwa m'maboma monga Mulanje ndi Phalombe, ndipo sitilola mdani yemwe ndi mlendo kapena wa zaumoyo wobwera kudzapopa magazi.

Mukachotsa zonsezi, chotsala choopsa n'chiyani?

Chotsala ndi ntchito yeniyeni ya wolemba, ndipo apa m'pamene pali malikisi ambiri. Gogo wamfiti ndi chilombo chobwereka amaiwalika msanga chifukwa woonera anawaona kale ndipo akudziwa chimene achite. Mdani wosaiwalika ndi amene akufuna chinthu chodziwika bwino, amene m'maso mwake yekha sakulakwa, ndipo ali ndi mphamvu pa anthu amene sangathe kungomuthawa.

Tipereke chitsanzo chongopeka, chomwe gulu lililonse lisachikopere. Pa esiteti ina ya fodya pali kapitawo waulemu, wolankhula motsitsa mawu, amene amapereka moni kwa aliyense ndipo ana amawatchula kuti adzukulu. Ali ndi kope lakuda lolembamo ngongole za mabanja ogwira ntchito: chimanga, mchere, sopo, ndalama ya kuchipatala. Asanatsegule tsamba amanyambita chala, ndipo m'thumba la malaya amasunga mabolopeni awiri, labuluu ndi lofiira. Amene dzina lake lalembedwa ndi bolopeni lofiira saonekanso m'mawa, koma usiku m'chigafa mumamveka anthu akusoka fodya mopanda nyali. Mtsikana wa Fomu 3 amene akutsogolera nkhaniyo waona dzina la bambo ake, ndipo kapitawo watulutsa kale bolopeni lofiira n'kuliika patebulo, koma sanalembe. Chakumapeto woonera akuzindikira kuti dzina la kapitawoyo lili m'kope la munthu wina wamkulu, ndipo amapereka anzake kuti tsamba lake lisatsegulidwe.

Munthu ameneyu alibe mano aatali ngakhale magazi kukamwa, komabe wa ku Kasungu aliyense angamuope, chifukwa ngongole yosatha ya matenanti ndi nkhani imene mabanja ambiri kuno akuidziwa, ngakhale kuti utenanti unathetsedwa mwa lamulo mu 2021. Muone kuti zosadziwika zilimo ndithu m'nkhaniyi, koma mantha akuchokera ku zochita ndi mphamvu za munthuyo, osati ku ukalamba kapena khungu lake. Oweruza adzayang'ana ngati mdani ali ndi chizindikiro chimodzi chimene woonera angachitengere kunyumba, monga kunyambita chala kuja, kulira kwa belu la njinga kapena nyimbo imene amaimba ndi mluzu. Chimodzi n'chokwanira, pakuti zikachuluka zimaphana mphamvu. Adzaonanso ngati mdani ali ndi lamulo lake limene amalitsata, chifukwa woonera akadziwa kuti bolopeni lofiira likutanthauza chiyani, amayamba kuopa kapitawo asanachite kanthu.

Kodi mdani ayenera kuoneka nkhope?

Ayi, ndipo magulu ojambula ndi foni angapindule pomubisa nthawi yaitali. Mthunzi pakhoma la kalasi, mapazi oonekera pansi pa chitseko, kapena mawu a makiyi m'khonde la hositelo zimaopsa kuposa nkhope yopakidwa makala ndi ufa, imene nthawi zambiri imaseketsa oonera. Tikulangiza kuti musamale kwambiri za mawu, chifukwa filimu yojambulidwa ndi kuwala kwa tochi imapiririka, koma ya mawu osamveka siopsa munthu.

Mdani wathu tamutengera kwa munthu wodziwika kwathu, koma dzina tasintha. Pali vuto?

Lilipo. Ngati anthu a pamsika kapena a pasukulu angamuzindikire ndi mayendedwe, golosale yake kapena mawu amene amakonda kunena, kusintha dzina sikuthandiza kanthu, ndipo nkhaniyo idzabwezedwa.

Kodi komitiyi yasanduka Censorship Board?

Ayi. Kuunika mafilimu oonetsedwa kugulu ndi udindo wa Censorship Board pansi pa lamulo la 1968, ndipo ife tilibe mphamvu yoletsa munthu kujambula chimene akufuna. Tikungonena zimene mpikisano uno ungalandire ndi kuonetsa m'dzina lake.

Tinajambula kale ndi kugula zovala tisanaone lamuloli. Kodi mutibwezera ndalama?

Funso ili ndi lovuta, ndipo sitikufuna kulonjeza zimene sitingakwanitse. Thandizo la ndalama zogulira zovala ndi zodzoladzola linakonzedwa kuti liziperekedwa nkhani yolembedwa ikavomerezedwa, kudzera kwa mphunzitsi woyang'anira gulu, ndipo dongosolo limeneli silinasinthe. Gulu limene linayamba kujambula nkhani yake isanavomerezedwe linachita zimenezo palokha, ndipo mwa malamulo komiti siikakamizidwa kubweza kalikonse. Komabe n'zoona kuti makalata a malamulo anafika mochedwa m'sukulu zina zakutali, makamaka zimene msewu wake umavuta. Pa chifukwa chimenechi komiti idzaunika dandaulo la gulu lililonse palokha, ngati mphunzitsi wamkulu alemba kalata yosonyeza tsiku limene malamulo anafika, ndipo malisiti aperekedwa. Tikudziwa kuti wogula zovala pa kaunjika sapatsidwa lisiti, choncho mndandanda wa zogula wosainidwa ndi mphunzitsi woyang'anira pamodzi ndi mphunzitsi wamkulu ukhoza kulandiridwa, koma kulandiridwa kwa mndandanda sikutanthauza kuti ndalama zonse zibwezedwa, pakuti zidzatengera zimene zatsala m'thumba magulu ovomerezeka atalandira gawo lawo. Ndalama zoyendera, chakudya ndi mayunitsi a foni sizili m'gulu la zobwezedwa. Tikupemphanso aphunzitsi kuti asasonkhetse makolo ndalama powauza kuti komiti idzabweza.

Magulu oterewa asataye zonse zimene anajambula. Kawirikawiri malo, ochita sewero ndi zigawo zambiri zimakhala zabwinobwino, ndipo chofunika kusintha ndi mdani yekha pamodzi ndi mathero.

Kodi tingajambule kumanda, ndipo zikwanje ndi magazi n'zololedwa?

Kumanda ayi, ngakhale mfumu italola, chifukwa manda ali ndi eni ake ambiri ndipo m'midzi ina ndi malo a gule. Zikwanje ndi mipeni zikhale za katoni kapena thabwa lopepuka, moto weniweni usayatsidwe pafupi ndi chigafa kapena nyumba yaudzu, ndipo kujambula usiku kuchitike mphunzitsi ali pomwepo, makolo atavomereza polemba. Magazi ongoyerekeza mukhoza kupanga ndi madzi a chidede osakaniza ndi ufa pang'ono, koma oweruza saonjezera malikisi chifukwa cha kuchuluka kwake.

Nkhani yathu ikakanidwa, tingadandaule kuti?

Mphunzitsi woyang'anira alembe kalata ku komiti, ataphatikiza nkhaniyo ndi tsamba limodzi lofotokoza mdani: chimene akufuna, chifukwa chake, chizindikiro chake ndi lamulo limene amatsata. Dandaulo lidzawerengedwa ndi mamembala amene sanaunike nkhaniyo poyamba, ndipo yankho lidzapita kusukulu polemba. Ophunzira asajombe m'kalasi kubwera okha ku ofesi, pakuti nkhani za gulu tidzakambirana ndi mphunzitsi yekha.