Mwala ukafika pamwamba, dziko silisiya kuukoka

Ndatopa nalo yankho ili pamapepala a fizikisi: ati mwala woponyedwa m'mwamba ukafika pamene wathera kukwera, g (mlingo umene mphamvu yokoka ya dziko imasinthira liwiro la chinthu) imakhala ziro. Ana inu, anakuuzani ndani? Chimene chafika pa ziro pamenepo ndi liwiro lokwera basi. Dziko likuukokabe mwalawo, ndipo liwiro lake likusinthabe ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse, ngati mmene linkasinthira utangochoka m'manja. G ikanatheradi, bwenzi mwalawo utangolenjekeka m'malere osatsikanso.

Vuto limayambira pa maganizo akuti dzanja limaupatsa mwala mphamvu ina yake imene imauperekeza mpaka kutha pang'onopang'ono. Ayi. Mwala ukangochoka m'manja, dzanja lathana nawo. Tikapanda kuwerengera mpweya, mphamvu yotsala ndi imodzi yokha, yolozera pansi. Ndiye chifukwa chake liwiro lopita cham'mbali silisintha ulendo wonse, pamene lokwera ndi kutsika lokha ndilo limasintha. Wasayansi wa ku Italy Galileo analemba zimenezi kale mu 1638, koma mpaka lero ophunzira akujambulabe muvi wa "mphamvu yoponyera" pamwala umene uli kale m'malere.

Pali pepala lina limene limandiwawabe mumtima. Funso linali la mwala woponyedwa chopingasa kuchokera pathanthwe lalitali mamita 20, pa liwiro la mamita 15 pa sekondi, g n'kuitenga ngati 10. Ntchito yake ndi yochepa. Yambani ndi kutsika kokha: 20 = ½ × 10 × t², ndiye t, nthawi yogwera pansi, ndi masekondi 2. Mwala wina wongousiya kuti ugwe kuchokera pomwepo ungafikenso pansi pa masekondi 2 omwewo. Kenako cham'mbali: 15 kuchulukitsa ndi 2, mamita 30. Zatha.

Mtsikana amene analemba pepalalo anali wanzeru, masamu ankawadziwa kuposa anzake ambiri. Iye anatola fomula ya R = u² sin 2θ ÷ g (R ndi mtunda wa cham'mbali, u ndi liwiro loponyera, θ ndi ngodya yoponyera), naikamo madigiri 0 poti mwalawo unaponyedwa chopingasa, n'kupeza ziro. Analemba mamita 0, n'kudula mizere iwiri pansi pake. Chimandipweteka n'chakuti mukanamufunsa pakamwa ngati mwala woponyedwa mwamphamvu chonchi ungagwere patsinde pa thanthwe, akanakusekani. Anakhulupirira fomula kuposa maso ake. Fomulayo imagwira ntchito pokhapokha mwala ukatera pamalo ofanana msinkhu ndi pamene unachokera, ndipo palibe amene anamuuza zimenezi. N'chimodzimodzinso ndi mawu amene ambiri amangowaloweza akuti madigiri 45 ndiwo amafikitsa mwala kutali kwambiri. Mukaponya kuchokera pamalo okwera, ngodya yabwino imatsikirapo pa 45.

Apa mpamene ndimakwiyira anthu ogulitsa timapepala ta mafomula ndi opanga mavidiyo a "njira zachidule" pa intaneti, amene amalonjeza kuti mutu wonsewu muumaliza usiku umodzi. Amakupatsani fomula osakuuzani malire ake, ndipo tsiku la mayeso iwo kulibe. Makolo, mwana akakuuzani kuti waloweza mafomula onse, mufunseni kuti fomula iliyonse imasiya pati kugwira ntchito. Akachita chibwibwi, musadikire kuti mayeso ayandikire. Ganizo lolakwika lija lakuti mphamvu yokoka imatha likakhazikika silichoka ndi kuwerenga kwa mlungu umodzi, ndipo limamutsatira mpaka pa lamulo la Newton la mphamvu yokoka, F = GMm ÷ r² (F ndi mphamvuyo, G ndi nambala yosasintha, M ndi m ndi masi a zinthu ziwiri zokokanazo, r ndi mtunda wa pakati pawo).

Kumeneko ophunzira amakalembanso kuti pa International Space Station, sitesheni ya asayansi yozungulira dziko m'mlengalenga, palibe mphamvu yokoka. Sitesheniyo ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi pano, koma r timayezera pakatikati pa dziko, ndiye muwonjezere makilomita pafupifupi 6,400. Mukawerengera, g kumeneko imapezeka cha m'ma 8.7. Anthu okhala m'menemo amayandama chifukwa iwo ndi sitesheni yawo akugwa limodzi, kungoti akuthamangira cham'mbali kwambiri moti amazungulira dziko osalifika.