Agogo akamapita kuchipatala, anyamule mankhwala onse

"Adokotala, lero tabwerera maondo okha." Mawu amenewa ndatopa nawo. Munthu wa zaka 70 amene amamwa mankhwala a BP m'mawa uliwonse sangabwerere maondo okha, chifukwa chimene ndingamupatse cha maondowo chikadutsa mu impso zomwe BP yakhala ikuzidya kwa zaka.

Matenda a okalamba amayenda m'magulu. BP, shuga, mtima ndi impso ndi gulu limodzi, poti onsewa amawononga mitsempha ya magazi. Shuga amawononga timitsempha tosefa magazi mu impso, impso zikafooka BP imakwera, BP ikakwera impso zimaonongekeratu, kenako sitiroko. Nyamakazi, msana, kusowa tulo ndi kukhumudwa nazonso zimakonda kugwira munthu mmodzi. Ndiye pali anthu amene anayamba ma ARV pomwe boma linayamba kuwapereka ulere mu 2004. Ambiri lero ali ndi zidzukulu, ndipo BP ndi shuga zawapeza monga wina aliyense.

Mayi wina wa zaka 68 sandichoka m'mutu. Anali ndi mabuku atatu a kuchipatala: la ma ARV, la BP ndi shuga, ndi lina logulidwa tsiku limene anaiwala enawo kunyumba. Aliyense wa ife madokotala ankaona buku lake lokha. Atabwera kwa ine BP inali 170/100, ndinawonjezera mankhwala n'kuwauza kuti achepetse mchere. Sindinafunse kuti maondo akawawa amamwa chiyani. Patapita miyezi inayi anabwera atawanyamula, miyendo itatupa, akupuma movutika, mkodzo ukutuluka pang'ono. Mwana wawo atakhuthula kachikwama, munatuluka mankhwala opha ululu a diclofenac ndi brufen, omwe ankamwa tsiku ndi tsiku pafupifupi chaka chathunthu, komanso botolo la madzi akuda "otsuka magazi" logulidwa pamsika.

Diclofenac ndi brufen amakweza BP ndipo amachepetsa magazi ofika ku impso. Tenofovir, yemwe ali m'mbulu wa ma ARV umene anthu ambiri amamwa, naye amafuna impso zamphamvu. Metformin wa shuga amatuluka m'thupi kudzera mu impso zomwezo, ndipo zikafooka amaunjikana. Musamve ngati ndikuti musiye ma ARV kapena metformin, ayi ndithu. Ndikunena kuti impso za munthu wotere ziyenera kuyezedwa kamodzi pachaka, ndipo woyeza adziwe chilichonse chimene chikulowa mkamwa.

Za mabotolo a pamsika ndi mumabasi ndiye mtima umandiwawa. Wogulitsa akuti botolo limodzi likuchiza shuga, BP ndi nyamakazi pamodzi. Sanayeze magazi a mayi anu, sadziwa mlingo wa zimene wathiramo, ndipo mawa simudzamupeza. Choipitsitsa n'chakuti amauza anthu kuti ayambe aimitsa mankhwala a kuchipatala. BP simveka m'thupi, choncho agogo amati achira, mpaka tsiku limene pakamwa papotoka.

Inu ana amene mumawaperekeza, ikani m'jumbo mapaketi onse, a kugolosale ndi azitsamba omwe, ndi mabuku onse. Miyendo ikayamba kutupa kapena mkodzo ukachita thovu, musadikire tsiku limene analemba m'buku. Makina otsuka magazi a anthu amene impso zawo zasiya kugwira ntchito ali m'zipatala zazikulu zochepa monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth, ndipo ofuna ndi ambiri kuposa malo. Mayi aja tinawatumiza kumeneko, koma anamwalira pasanathe milungu itatu, mabuku atatu aja ali m'kachikwama komweko.