Anabwerako kunkhondo koma sagona: musadikire kuti "zidzatha zokha"

Uthenga uwu ukupita kwa asilikali amene anamenyapo nkhondo, kwa akazi awo kapena amuna awo, ana awo ndi onse okhala nawo nyumba imodzi. Ndaulemba chifukwa cha mawu amene ndawamva kambirimbiri pakamwa pa achibale: "Asiyeni, ndi msilikali, zidzatha zokha." Mawu amenewa akuchedwetsa anthu kufika kuchipatala, ndipo ena akufika zinthu zitaipa kale.

Bambo wina anabwera kuchipatala ndi akazi awo patatha zaka 6 chibwerereni kunkhondo. Atalowa m'chipinda choonera odwala anakana mpando umene tinawapatsa. Anaukokera pakona kuti msana ukhale kukhoma, maso kuchitseko. Mayiwo ndi amene anayamba kulankhula. Anati usiku bambowo amabwebweta, kutchula dzina la mnzawo, kenako n'kudzuka thukuta lili kamukamu. Tsiku lina mwana anamenyetsa chitseko, bambowo n'kudzigwetsa pansi chafufumimba. Patapita milungu ndi pamene eni akewo anafotokoza: galimoto yawo inawomberedwa ndi adani amene anabisala m'mbali mwa msewu, ndipo iwo ananyamula mnzawoyo paphewa mtunda wautali, osadziwa kuti wamwalira kale. Mpaka lero akamva fungo la tayala likupsa amaona ngati abwerera pamsewu uja. Nditafunsa chimene anachedwera zaka zonsezo, mayiwo anangoti, "Timati zitha."

Vutoli ndi matenda, ndipo madokotala amawatchula kuti PTSD. Amagwira munthu amene anakumana ndi zoopsa zoika moyo pachiswe kapena anaziona ndi maso: nkhondo, kugwiriridwa, ngozi ya pamsewu, madzi osefukira. Mu ubongo muli kachigawo kamene ntchito yake ndi kuchenjeza thupi kukakhala ngozi. Kunkhondo kamapulumutsa moyo, chifukwa munthu amagona khutu lili tcheru. Kwa ena kachigawoka sikazima nkhondo ikatha. Thupi limakhalabe lokonzeka kuthawa kapena kumenya ngakhale munthuyo ali pabedi pake.

Zizindikiro zake n'zosasowa mukazidziwa. Zimene zinachitika zimabwerera ngati zikuchitika tsopano, kutulo kapena masana. Munthu amapewa chilichonse chomukumbutsa, safuna kufunsidwa, ena amasiya kupita kumene kuli anthu ambiri. Amadzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono, sagona, sachedwa kupsa mtima. Ena amangoti duu, osasangalala ndi ana amene kale ankasewera nawo, n'kumadziimba mlandu kuti iwo anapulumukiranji anzawo atafa. Kumva zotere m'masiku oyambirira si zachilendo. Koma zikapitirira mwezi umodzi, ndipo zikusokoneza ntchito kapena banja, nthawi yodikira yatha.

Ndinene zoona, alipo amene amachira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti anthu osapitirira 40 pa 100 alionse odwala PTSD amachira chaka chisanathe. Nanga otsalawo? Amenewo ndi amene ndikuwalembera. Bungwe lomweli likuti m'maiko osauka ndi apakatikati, munthu mmodzi yekha mwa anayi odwala matendawa ndi amene amapita kukafuna thandizo. Komanso musanamizidwe kuti poti anabwera ali bwinobwino ndiye kuti zinamuphonya. Kawirikawiri zizindikiro zimayamba m'miyezi 3 yoyambirira, koma kwa ena zimatulukira patapita zaka, makamaka akapuma pantchito, pamene kulibenso anzawo a kuntchito ndi zochita zowatangwanitsa.

Chimene chimawatseka pakamwa asilikali ambiri ndi manyazi, kuopa kuti anzawo aziti ndi amantha kapena apenga. Maganizo amenewa anapweteketsa anthu kalekale. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, madokotala anaona asilikali akunjenjemera, ena osatha kulankhula, thupi lilibe bala, ndipo anatcha vutoli kuti shell shock. Pa nkhondo imeneyo gulu lankhondo la Britain linawombera asilikali ake 306 pa milandu monga mantha ndi kuthawa, ndipo boma linadzawakhululukira mu 2006, eni ake atafa kalekale. Dzina loti PTSD linalowa m'buku la madokotala a matenda a maganizo ku America mu 1980, asilikali ochokera ku nkhondo ya ku Vietnam atavutika zaka zambiri. Matendawa sasankha. Amagwira ndi olimba mtima omwe, ndi opatsidwa mamendulo omwe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, abale anga, ndipo ine sindikufuna kuti wina afere m'nyumba chifukwa choopa kusekedwa.

Pamene mukudikira kuti zithe zokha, dziwani kuti wodwalayo sakungokhala. Akudzifunira yekha mankhwala, ndipo nthawi zambiri mankhwalawo ndi mowa kapena chamba. Mowa umagonetsa msanga koma tulo take n'todukiza, malotowo amabwerabe, ndipo mawa amafunika wochulukirapo. Mapeto ake tikulimbana ndi matenda awiri. Chimodzimodzinso mapiritsi ogonetsa ongogula. Mu 2013 WHO inalangiza kuti mankhwala a gulu la diazepam asamaperekedwe pofuna kuthetsa mantha kapena kusowa tulo m'mwezi woyamba munthu atakumana ndi zoopsa. Amazolowereka msanga ndipo sachiza PTSD.

Thandizo lenileni lilipo. Lalikulu ndi uphungu wa akatswiri a zamaganizo, monga umene umatchedwa CBT ndi wina wotchedwa EMDR. Phungu amathandiza munthu kubwerera pang'onopang'ono ku zimene anaona, ali pamalo otetezeka, mpaka ubongo utavomereza kuti zinapita. Ambiri amakumana ndi phungu maulendo 8 mpaka 12, ena kupitirira apo. Dokotala akaona kuti n'koyenera amaperekanso mankhwala monga sertraline, amene amatenga milungu ingapo kuti ayambe kugwira ntchito, choncho musasiye pakati. Ngakhale papita zaka 20, munthu angathandizidwe. Koma chaka chilichonse chimene mwadikira chimatenga kena kake: ntchito, banja, kapena chikondi cha ana amene azolowera kuthawa bambo awo akamalowa.

Inu a pabanja, musawakakamize kufotokoza za kunkhondo, ndipo musafunse kuti "munapha angati?" Akayamba okha kulankhula, mvetserani. Akamalota musawagwedeze, imani pataliko n'kuwaitana dzina modekha, muwauze kumene ali. Ngati akumenya inu kapena ana, chokanipo kaye mupite kotetezeka. Matendawa sapereka chilolezo chomenya munthu.

Pali zina zosayenera kugona nazo ngakhale usiku umodzi. Akayamba kunena kuti "bola ndikanafera komweko," akamagawa katundu wawo, kutsanzika mosadziwika bwino, kapena akaopseza kuti avulaza wina, musawasiye okha. Afunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika munthu maganizowo. Chotsani m'nyumba mfuti, zingwe, mankhwala ophera tizilombo ndi mapiritsi ochuluka, ndipo pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Mukafika, uzani dokotala kapena namwino momveka kuti anali kunkhondo, kuti sagona chiyambire liti, ndi kuchuluka kwa mowa umene akumwa.