Kangaude si nyerere yonenepa ayi

Dzulo mwana wa achemwali anga wajambula kangaude wa katuni, miyendo 6, tinyanga pamutu, ati anzake onse kusukulu amajambula choncho. Ambirife tinakula tikuganiza kuti kangaude ndi gulu limodzi ndi nyerere kapena ziwala, koma ayi ndithu. Kangaude ali ndi miyendo 8, thupi lake ndi zigawo ziwiri basi ndipo tinyanga alibe. Ndiye jambulani timipira tiwiri, kakang'ono kutsogolo kokulirapo kumbuyo, miyendo yonse 8 ichokere pa kakang'onoko osati pachimimba chija, apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Nyerere ndiye timipira titatu, miyendo 6 yonse pa kapakati, tinyanga tiwiri pamutu. Zamaso akuluakulu ndi kumwetulirazo ikani mmene mungafunire, si katuni nanga.