Ganizo silimatha kupangika mpaka mutalilemba

Anthu ambiri amene ndimakumana nawo pa ntchito yanga ya uphungu amayamba ndi mawu ofanana, akuti ndikudziwa chimene chikundisautsa koma kuti ndichifotokoze ndiye zikukanika. Ine ndimawauza kuti nthawi zambiri sikuti mawu ndi amene akusowa ayi, ganizolo ndi lomwe silinathe kupangika, ndipo njira imene ndimaikhulupirira yolimalizitsira ndi kulemba, tsiku ndi tsiku olo pang'ono chabe.

Mutu wathu umatipusitsa kuti zinthu timazimvetsa. Mu 2002 akatswiri awiri a ku yunivesite ya Yale ku America, Leonid Rozenblit ndi Frank Keil, anafunsa anthu kuti adzipatse malikisi pa mmene amadziwira kagwiridwe ntchito ka zinthu wamba ngati zipi ndi toileti ya madzi, kenako anawauza kuti alembe bwinobwino mmene zimagwiriradi ntchito, ndipo atayesa kulemba anthuwo anatsitsa okha malikisi aja. Ndiye ngati zipi yomwe timatseka mmawa uliwonse sitiidziwa mmene timaganizira, nanga bwanji chifukwa chenicheni chimene mumakwiyira mnzanu wa m'banja, kapena chimene mukufunira kusiya ntchito? Onjezani apo kuti ubongo sugwira zinthu zambiri nthawi imodzi, katswiri wa za maganizo Nelson Cowan mu 2001 anati ndi pafupifupi 4 basi. Mukamaganiza mmutu mokha, pofika pa mfundo yachisanu yoyamba ija yagwa kale, ndiye mumabwereranso koyambira mpaka kunja kucha. Pepala siliiwala, ndipo chiganizo mukachiyamba mumayenera kuchifikitsa pamapeto, apo ndi pamene mumaona pamene pali dzenje.

Pali kafukufuku wina amene ine ndimamukonda kwambiri. Mu 1986 akatswiri a za maganizo James Pennebaker ndi Sandra Beall anapempha ophunzira a pa yunivesite kuti azilemba maminitsi 15 kwa masiku 4 otsatizana, ena za zinthu zowawa zimene anakumana nazo, ena za nkhani wamba. Amene analemba zomwe zinachitika pamodzi ndi mmene zinawakhudzira mumtima anapita ku chipatala kochepa m'miyezi yotsatira poyerekeza ndi anzawo. Koma chomwe chimandigwira mtima ndi chimene Pennebaker anadzapeza pambuyo pake powerenga zolembazo, kuti amene anathandizika kwambiri ndi omwe nkhani yawo inkasintha masiku akamapita, tsiku loyamba kungodandaula, kenako kuyamba kulumikiza kuti ichi chinabwera chifukwa cha ichi, mwinanso kuyang'ana nkhaniyo mmene munthu winayo anaionera.

Tsono n'chifukwa chiyani ndimalimbikira zoti chikhale chizolowezi? Chifukwa tsamba la lero limangokuuzani za lero. Phindu lenileni limabwera mukakhala pansi patapita mawiki angapo n'kuwerenga kuchokera kumbuyo, apo mumapeza kuti dzina la munthu mmodzi likumabwerabwera pomwe mumanena kuti mulibe naye vuto, kapena kuti masiku amene mumakalipira ana ndi omwe simunagone mokwanira, kapenanso kuti kaganizo kena ka bizinesi kamene mumakachepetsa mwakalemba mobwereza mwezi wonse m'mawu osiyanasiyana. Zimenezi munthu sungazione tsiku limodzi, ndipo olo mnzanu atakuuzani mungakane, koma zolemba ndi dzanja lanu nzovuta kukana. Maganizo atsopanonso amabadwa choncho, pang'onopang'ono. Wasayansi Charles Darwin anajambula kamtengo kosonyeza mmene mitundu ya zamoyo imachokera ku inzake mu kope lake mu 1837, zaka zoposa 20 asanatulutse buku lake lofotokoza ganizoli mu 1859.

Kachitidwe kake nkosavuta. Kope ndi peni kapena foni, lembani deti pamwamba, maminitsi 10 kapena 15 osaima, osakonza masipelo, ndipo muziike pomwe wina sangawerenge, chifukwa mukangoganiza kuti wina aziona mumayamba kudzikometsera ndipo choonadi chimathawa.

Koma ndichenjeze apa, ndipo izi ndikunena motsindika. Kulemba dandaulo lomwelo m'mawu omwewo sabata ndi sabata sikuthandiza, kumangokumba bala. Mukaona kuti masamba anu akufanana onse, sinthani funso, lembani kuti mawa ndingachite chiyani pa nkhaniyi, kapena lembani mmene munthu amene amakukondani angaifotokozere. Ndipo ngati nkhani yake ndi yolemera moti mukamalemba mukunjenjemera, tulo tikusowa kapena maganizo ofuna kudzivulaza akubwera, siyani kaye peniyo mukaonane ndi mlangizi kapena dokotala, nkhani zoterezi zimafuna munthu woti akhale nanu pafupi.