Kachitsulo kofumbata sikangaone mtima wanu

"Adokotala, ine ndinayezetsa kale thupi lonse pa kompyuta." Mawu amenewa ndatopa nawo, ndipo amachuluka anthu a m'minda ya tiyi akangolandira malipiro. Munthu amafika ndi laputopu pamsika, kaya pa Chitakale kaya ku Limbuli, n'kukupatsani kachitsulo kuti mufumbate. Mphindi imodzi yokha, akuti impso zatopa, mtima watupa, shuga wakwera. Akatero amatsegula chikwama cha mabotolo a mankhwala amene akugulitsa.

Tamverani abale anga. Kuti tidziwe shuga, khungu liyenera kubooledwa. Timabaya chala, dontho la magazi ligwere pa kapepala ka makina. Mukayeza m'mawa musanadye n'kupeza 7.0 mmol/L, kapena 126 pa makina owerenga mg/dL, timabwerezanso tsiku lina tisananene kuti ndi matenda a shuga. BP imafuna lamba pamkono, mutapuma mphindi zisanu, osati muli wefuwefu mutangokwera chitunda. Ikamafika 140/90 kangapo, pamenepo ndiye timakambirana za mankhwala.

Mtima tili ndi njira zake zouonera. ECG ndi mawaya 10 omata pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo, olemba mphamvu yamagetsi imene imagunditsa mtima. Echo ndi sikani ngati ya amayi oyembekezera ija, koma timaiika pachifuwa n'kuona zitseko za mtima zikutseguka ndi kutseka. Zikatikulira timatumiza ku chipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre. Nanga kachitsulo ka m'manja kangaone bwanji zonsezi?

Pali mayi wina amene sandichoka m'mutu. Ankathyola tiyi, ndipo kwa zaka zingapo ankabwera mokhulupirika kudzatenga mapilitsi a BP. Buku lake la kuchipatala analikutira ndi pulasitiki ya shuga kuti lisanyowe ndi mvula ya kuno ku Mulanje. Nambala zake zinali zabwino. Kenaka anasowa. Atabweranso anali pa machira, pakamwa patapindika, dzanja lamanja lili lende. Mwana wawo wamkazi ndi amene anandiuza kuti wa kompyuta uja anati mapilitsi a kuchipatala akuwononga impso, awasiye, agule mabotolo atatu. Malipiro a mwezi wathunthu anathera pomwepo, pamene mapilitsi aja ankalandira ulere.

Chimandipweteka n'chakuti mayiyu sanali wosasamala. Anamva bwino m'thupi atasiya mankhwala, chifukwa BP nthawi zambiri simveka kupweteka, imangodya mitsempha mwakachetechete mpaka tsiku la sitiroko. Ndipo pamene pakamwa panayamba kupindika, apabanja anadikira kaye masiku awiri, ati mwina ndi zaufiti.

Musadikire chonchi, chonde. Nkhope ikapindika, mawu akamatuluka molobodoka, chifuwa chikathina ngati mwasenzetsedwa thumba la chimanga, kapena miyendo ikatupa n'kumabanika pogona chagada, pezani galimoto tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Ndipo wina akakuuzani kuti musiye mapilitsi, bwerani nalo botolo lakelo limodzi ndi buku lanu, tidzaone tonse. Mwana wa mayi uja anabwera nawo mabotolo atatu aja m'jumbo, awiri asanatsegulidwe n'komwe.