Ku Massachusetts palibe amene amakulembetsani inshuwalansi muli gone

Mawu akuti "kuno aliyense ali pa inshuwalansi ya chipatala" afika potopetsa. Lamulo limene Mitt Romney, bwanamkubwa wa Massachusetts pa nthawiyo, anasaina mu Epulo 2006 linakakamiza akuluakulu kukhala nayo, koma kulembetsa linasiyira munthu mwini wake. N'zoona kuti chigawochi chili ndi anthu ochepa opanda inshuwalansi poyerekeza ndi zigawo zina za ku America, komabe alipo, ndipo ambiri mwa iwo ali pa ntchito. Ena anali nayo, inawapulumuka posintha ntchito kapena nyumba.

Masiku ndiwo amagwetsa anthu. Ntchito ikatha n'kupita nayo inshuwalansi, muli ndi masiku 60 oti mulembetse ku Health Connector, msika wa boma la chigawochi wogulirako inshuwalansi. Akadutsa, mungadikire nyengo yolembetsa imene imabwera kamodzi pachaka. Ndipo kusankha pulani si kumaliza ayi: ndalama yoyamba ifike pofika pa 23 kuti muyambe kuthandizidwa pa 1 mwezi wotsatira. Ya MassHealth, inshuwalansi ya boma ya opeza zochepa, mungapemphe mwezi uliwonse.

Nkhani yowawitsa mutu ndi ya envulopu ya buluu. MassHealth imatumiza mu envulopu imeneyi mafomu oti muwatsimikizirenso za ndalama zanu. Munthu wa shuga wasamuka, sanasinthitse adiresi, envulopu ili mbwee ndi makalata ena pakhomo la nyumba yakale. Amadzadziwa ali pamzere kufamase, wogulitsa mankhwala akumuuza kuti khadi lake silikuwerenga. Ndiye amayamba kunyenyerera insulini, kubaya theka kuti botolo lifike kumapeto kwa mwezi. Kachilonda ka kuphazi kamene kakadapola ndi mankhwala a sabata imodzi kamafika podulitsa chala. Zonsezi chifukwa cha foni imodzi yosinthitsa adiresi imene sinaimbidwe.

Musanamizidwenso kuti chipatala cha zadzidzidzi n'chaulere. Lamulo la dziko lonse la 1986 limati akuyezeni ndi kukuchotsani pangozi asanafunse za ndalama. Bilu ibwera ndithu, ndipo BP yanu sadzaitsatira mwezi ndi mwezi kumeneko.

Amene mapepala awo okhalira m'dzikomo sali bwino amangokhala phee, poganiza kuti palibe chawo. Health Safety Net siyang'ana zimenezo. Imalipirira okhala m'chigawochi opeza zochepa, m'zipatala zazikulu ndi m'makiliniki a m'madera. Si inshuwalansi, kotero madokotala ena angakutumizireni bilu yawoyawo. Funsani musanagone pabedi. Imabwerera m'mbuyo kanthawi kochepa chabe kuchokera tsiku limene mwapempha, ndiye fomu ilembedwe sabata yomweyo imene mwadwala.

Kenako pali akathyali. Amaimba foni, amatsatsa pa Facebook, ena amapanga masamba a pa intaneti ofanana ndi a boma, n'kukugulitsani khadi lochotsera mitengo kapena pulani yolipira kandalama kochepa pa tsiku mukagonekedwa. Zimenezo si inshuwalansi yokwanira, ndipo podzaza Schedule HC, fomu ya msonkho yosonyeza ngati munali ndi inshuwalansi, mungapezekebe ndi chindapusa. Wokufunsani ngati munadwalapo shuga kapena khansa asanakuuzeni mtengo, dulani foniyo: pulani yeniyeni ya ku Connector sikana munthu chifukwa cha matenda akale. Alangizi ovomerezeka, amene mumawapeza m'makiliniki a m'madera, amakudzazirani fomu popanda kulipiritsa ngakhale dola imodzi. Tengani chiphaso, mapepala a malipiro aposachedwa ndi kalata yosonyeza tsiku limene inshuwalansi ya kuntchito inatha.